Giyabokosi ya galimoto yokankha chipale chofewa ikayamba kuvuta, yambani kufufuza motere

M'madera ozizira monga Canada ndi kumpoto kwa United States, chipale chofewa chikagwa usiku, eni mapikapu okhala ndi chikhasu chokankhira chipalecho kutsogolo amalawira kusanache kukapala mabwalo a masitolo, malo oimikapo magalimoto ndi tinjira tolowera kunyumba za anthu. Magalimoto ake nthawi zambiri amakhala aja olemera, monga Ford F-250 ndi F-350, Chevrolet Silverado 2500HD ndi Ram 2500, ndipo chikhasucho chimakhala cha Western, Fisher, Boss kapena Meyer, cholemera makilogalamu oposa 300. Ntchito imeneyi imazunza giyabokosi ya otomatiki kuposa kukoka ngolo pamsewu waukulu. Galimoto imayenda pang'onopang'ono ikukankha chimulu cholemera, kenako livesi, kenako kutsogolo, kambirimbiri pa ola limodzi, pomwe mphepo yoti iziziritse ladiyeta yatchingidwa ndi chikhasu chomwecho.

Mfundo yanga ndi imodzi. Musathamangire kugwetsa giyabokosi. Zambiri zimene zimaoneka ngati imfa ya giyabokosi zimachokera kunja kwake: oyilo wochepa, paipi yodyeka ndi mchere, batire lofooka, waya wa dzimbiri. Muyambe ndi zimene maso ndi mphuno zingaone, mutsirize ndi zofuna sipanala.

Choyamba, dziwani bwino chimene ikuchita

Kungoti "giya ikuvuta" sikuthandiza aliyense. Tengani pepala mulembe. Kodi vuto limabwera galimoto ikangoliza m'mawa, kapena ikagwira ntchito ola lathunthu? Limabwera pa livesi pokha, kapena pa giya iliyonse? Injini imalira mokweza galimoto osasuntha, kapena giya imalowa ndi chiphokoso cha "gu"? Mukachotsa chikhasu, vuto limatsalabe?

Mayankho amenewa amadula ntchito pakati. Kukazizira mpaka madigiri 25 pansi pa ziro, oyilo amakhuthala, ndiye giya ikachedwa kulowa masekondi awiri kapena atatu ulendo woyamba, kenako n'kukhala bwino, si zodetsa nkhawa kwenikweni. Yodetsa nkhawa ndi ija imene imayamba bwino m'mawa koma n'kumaterereka ikatentha. Oyilo wotentha amapyapyala, ndipo amathawira pa zomatira zakutha za m'kati, mphamvu yopanira makilachi n'kuchepa.

Musanagwire chilichonse, ikani galimoto pamalo osapendekeka, tsitsani chikhasu chigone pansi, mangani handibuleki, ndipo ikani chophinga pamatayala. Ngati muli m'galaja, tsegulani chitseko injini isanalire ngakhale kuzizire bwanji. Utsi wa injini umapha munthu asanadziwe kuti akukomoka.

Oyilo: apa pakhalitseni

Yendetsani galimoto mphindi 15 kapena 20 kuti itenthe. Mutaponda buleki, pititsani ndodo ya giya pamalo aliwonse, P, R, N, D, kuima pang'ono paliponse, kenako mubwerere pa P injini ikulirabe. Pali kusiyana kumodzi kumene kumasokoneza anthu ambiri: magiyabokosi akale a Dodge, 47RE ndi 48RE, oyilo wake amayezedwa ndodo ili pa N. Mukayezera pa P dipisitiki ikunamizani kuti oyilo ndi wokwanira pomwe ndi wochepa. Magalimoto ena atsopano alibe dipisitiki n'komwe, amayezera pa bawuti ya m'mbali mwa giyabokosi, ndipo buku la galimoto limanena kutentha koyenera poyezapo.

Solani dipisitiki, pukutani, bwezerani, solaninso. Onani mbali zonse ziwiri ndipo mukhulupirire yotsikayo. Kenako donthezani pa pepala loyera, pambali pake mudontheze oyilo watsopano wa m'botolo, mupite nalo poyera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Oyilo wabwino amakhala wofiira, wowala, ndipo amafalikira papepala mofanana. Wokalamba amaderako ngati tiyi wopanda mkaka koma amaonekerabe. Wopsa amakhala wakuda bii, dontho lake limakhala ndi kadothi pakati, ndipo mukanunkhiza mumamva fungo lopserera lobaya mphuno. Fungo limeneli mukalimva kamodzi simudzaliiwala. Tikitani pang'ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mukamva timchenga, ndiye kuti makilachi ayamba kunyenyeka.

Thovu pa dipisitiki limatanthauza chimodzi mwa ziwiri: oyilo wachepa ndipo pampu ikumeza mpweya, kapena wina anadzazitsa ndipo zitsulo zozungulira zikumupuntha. Zonsezi zimabweretsa kuterereka ndi kutentha.

Mtundu woopsa kwambiri ndi wapinki wosakanikirana ngati wathiridwa mkaka. Amenewo ndi madzi. M'mapikapu ambiri oyilo wa giyabokosi amadutsa m'kathanki kamene kali m'kati mwa ladiyeta, ndipo kathankiko kakabooka, madzi a injini ndi oyilo zimakumana. Tsegulani chotsekera ladiyeta injini itazizira muone ngati pamwamba pa madzi pakuyandama mafuta. Mukapeza zimenezi zimitsani galimoto pomwepo. Madzi amamatula zophimba za makilachi, ndipo kilomita iliyonse yowonjezera ikuwonjezera ndalama zokonzera.

Ngati oyilo wangochepa, onjezerani pang'onopang'ono, theka la lita nthawi imodzi, wamtundu wolembedwa m'buku: Dexron VI kwa magiyabokosi ambiri a GM, Mercon LV kwa magiyabokosi ambiri a TorqShift a Ford, ATF+4 kwa 48RE ndi 68RFE za Dodge Ram. Osasakaniza mwachisawawa. Ndipo musaiwale kuti giyabokosi siwotcha oyilo ngati injini yakutha. Akachepa ndiye kuti akudontha penapake, ndipo malowo muyenera kuwapeza.

Lowani pansi

Chipale chofewa chili ndi ubwino umodzi: chimaulula kudontha. Dontho lofiira pamalo oyera limaonekera patali. Tsatirani mapaipi awiri achitsulo ochokera ku giyabokosi kupita ku ladiyeta. Misewu ya m'madera amenewa imathiridwa mchere, ndipo galimoto yopala imakhala mumcherewo usiku wonse, zina zitanyamulanso chomwazira mchere kumbuyo. Mapaipi amadyeka makamaka pa tizitsulo towagwira ndi polumikizira chitsulo ndi labala. Paipi yotupa ndi dzimbiri musaikande ndi sikuludilaiva pokhapokha muli ndi ina yolowa m'malo, chifukwa nthawi zina dzimbiriro ndi limene lagwira oyilo. Onaninso pamene chimango cha chikhasu chamangidwa. Omanga ena amapana paipi kapena kuisiya ikukhudza chitsulo, ndipo imapekeseka mpaka kubooka.

Oyilo wa pampu ya chikhasu nayenso amadontha kutsogolo komweko. Wa makampani ambiri amakhala wobiriwira ngati mtambo, koma pa zikhasu zina zakale anthu amathiramo oyilo wofiira wa giyabokosi. Pukutani paliponse, lizani injini, muone kumene dontho latsopano likuyambira.

Mukadali pansipo, gwirani chingwe chochokera ku ndodo ya giya. Madzi oundana amachimanga, kapena kalabala ka kunsonga kamatha, ndiye pa dashibodi pamaoneka D pomwe giyabokosi ili pakati pa N ndi D. Onaninso ndodo kapena batani la transfer case, kabokosi kogawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Ikakhala pa N galimoto sisuntha pa giya iliyonse, ngakhale giyabokosi ili bwinobwino.

Kutentha

Chimene chimapha magiyabokosi ambiri a magalimoto opala ndi kutentha, ngakhale kunja kukuzizira koopsa. Chifukwa chake chili mu torque converter, chimkebe chodzaza oyilo chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi. Pa liwiro la pamsewu waukulu, kilachi ya m'kati mwake imagwira ndipo mbali ziwirizo zimazungulira limodzi. Pa liwiro lopalira kilachiyo sigwira. Injini imapalasa oyilo, oyilo n'kumakankha galimoto, ndipo mphamvu yonse yotayika pakati pamenepo imasanduka kutentha. Mukamakanikiza chimulu chosasuntha mafuta mutaponda, oyilo amatentha m'masekondi ochepa.

Kutentha kwabwino kwa oyilo ameneyu ndi madigiri 80 mpaka 95 Celsius, amene pa geji ya ku America ndi pafupifupi 175 mpaka 200 Fahrenheit. Akafika 120 Celsius, kapena 250 Fahrenheit, amayamba kupsa msanga ndipo zomatira zalabala zimauma. Ngati galimoto yanu ilibe geji ya kutentha kwa giyabokosi, ikani, kapena gwiritsani ntchito kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto kamene kamaonetsa nambalayi pafoni. Kwa ine, kupala popanda nambala imeneyi n'chimodzimodzi kuyenda usiku nyali zitazima.

Yesani motere. Yendani msewu womwewo kawiri pa liwiro lomwelo, ulendo woyamba chikhasu chitakwezedwa mpaka pamwamba chili chowongoka, ulendo wachiwiri chitatsitsidwa pang'ono ndi kupendeketsedwa mbali imodzi. Geji ikatsika ulendo wachiwiri, vuto ndi mphepo, osati giyabokosi. Mukatero onani kutsogolo kwa ladiyeta ngati kwamatidwa ndi madzi oundana, matope ndi masamba, ndiponso ngati fani ikugwira injini ikatentha. Fani ya kilachi ikagwira imamveka kulira kwake kwamphamvu. Ikangozungulira mwaulesi injini ili yotentha, kilachi yake yatha. Magalimoto ogulidwa atakonzedweratu kupala nthawi zambiri amabwera ndi choziziritsira oyilo chowonjezera komanso altaneta yaikulu. Ngati yanu inangomangidwa chikhasu pambuyo pake, onani ngati choziziritsiracho chilipo.

Mpofunikanso kunena za dzanja la woyendetsa, chifukwa ndaona magiyabokosi abwino akufera pamenepo. Munthu ali ndi mabwalo khumi oti amalize anthu asanayambe kupita kuntchito, ndiye amaponya ndodo pa R galimoto ikupitabe kutsogolo. Kulemera konse kwa galimoto, chikhasu ndi matumba a mchere kumagwera pa kilachi ya livesi. Akachita zimenezi kambirimbiri nyengo imodzi, livesi imayamba kuchedwa, kenako imasowa. Imani ndithu, lowetsani giya, dikirani muimve kuti yagwira, kenako pondani mafuta. Chipale chikakhala cholemera, chonyowa, gwiritsani ntchito 4L, giya yotsika yoyendetsa matayala onse anayi. Pa ma transfer case ambiri imachulukitsa mphamvu pafupifupi ka 2.7, ndipo torque converter imapepukidwa. Mukatitimira, kugwedeza galimoto kutsogolo ndi kumbuyo matayala akuzungulira pamalo amodzi kungapsereze oyilo m'mphindi zochepa. Fosholo ndi yotchipa. Pomaliza ntchito musazimitse injini nthawi yomweyo geji ili pamwamba. Isiyeni ilire mphindi zingapo kuti oyilo azungulire m'choziziritsira.

Magetsi ndi manambala a kompyuta

Magalimoto ogulitsidwa ku United States kuyambira 1996 ali ndi polumikizira makina owerengera kompyuta, potchedwa OBD-II, pansi pa chiwongolero, ngakhale kuti ena olemera kwambiri anachedwerako. Lumikizani makina owerengera, koma dziwani kuti otchipa kwambiri amawerenga za injini zokha. Akakuonetsani P0700, tanthauzo lake n'lakuti kompyuta ya giyabokosi ili ndi nkhani, ndipo mufunika makina oti athe kuifunsa. Lembani manambala onse musanafufute. P0218 ndi kutentha kwambiri. P0715 ndi P0720 ndi masensa a liwiro lolowa ndi lotuluka. P0730 imanena kuti liwiro lolowa ndi lotuluka sizikugwirizana ndi giya imene yasankhidwa, ndipo nthawi zambiri kumeneko n'kuterereka kwenikweni. P0741 ndi kilachi ya mu torque converter imene sikugwira. P0750 ndi manambala oyandikana nayo akunena za masolenoidi, mavavu a magetsi osintha magiya.

Nambala imaloza dera, sikuti imalamula kuti mugule chitsulo. P0720 ingabwere chifukwa cha sensa yakufa, waya woduka, kapena pulagi yodzaza madzi amchere. Zulani pulagi yaikulu ya pa giyabokosi muunike ndi tochi. Mukaona zobiriwira pa timano take, mwayamba kupeza vuto. Pa magiyabokosi a Allison 1000 a zaka zoyambirira, amene GM inayamba kuika m'mapikapu ake olemera mu 2001, swichi youza kompyuta malo a ndodo ya giya ili kunja kwa giyabokosi, pomwe pamafika madzi ndi mchere wochokera ku tayala lakutsogolo. Ikalowa madzi, zilembo za giya pa dashibodi zimasokonekera ndipo galimoto ingakane kulowa giya, chonsecho m'kati muli bwino.

Pali nambala ina imene anthu amainyoza chifukwa sitchula giyabokosi: P0562, mphamvu ya magetsi yochepa. Mota ya pampu ya chikhasu imakoka ma amp 200 kapena kuposa pokweza. Onjezani nyali, chotenthetsera, zopukutira galasi ndi chomwazira mchere, injini ikuyenda pang'onopang'ono. Magetsi akagwa, kompyuta ya giyabokosi imasokonezeka, magiya amalowa mwaukali, kapena imadziteteza pokakamira giya imodzi. Pa magiyabokosi a GM, 4L60E ikataya magetsi imatsalira pa giya yachitatu, pomwe 4L80E imatsalira pa yachiwiri. Galimoto yonyamuka molemera ngati yamangidwa chingwe, koma osaterereka, nthawi zambiri imakhala ili m'chitetezo chimenechi. Ikani mita pa batire. Injini isakulira muzipeza ma volt pafupifupi 12.6, ikamalira 13.5 mpaka 14.5. Tsopano wina akweze chikhasu inu mukuyang'ana mita. Ikagwa kwambiri, nyali n'kutsala pang'ono kuzima, yesetsani batire ndi altaneta, ndipo masulani ndi kupala mawaya onse opita ku thupi la galimoto ndi ku injini. Onaninso fyuzi ya giyabokosi, ndi pamene womanga chikhasu anabapo magetsi.

Yendani nayo, chikhasu chitachotsedwa

Sankhani msewu wouma, galimoto ili pa 2H, ndiye kuti matayala awiri okha akukoka, wailesi itazima. Nyamukani pang'onopang'ono, maso pa geji ya kuzungulira kwa injini, muwerenge magiya. Singano ikamadumphira m'mwamba pakati pa magiya awiri kenako n'kugwa, kilachi ya giya imeneyo ikuterereka. Kunjenjemera ngati mukudutsa pamsewu wa mabampu ang'onoang'ono pa liwiro la makilomita 60 mpaka 80 pa ola kungakhale kilachi ya mu torque converter. Phazi lamanja lisachoke pa mafuta, lamanzere likhudze buleki pang'ono chabe. Kompyuta imamasula kilachiyo. Kunjenjemera kukatha nthawi yomweyo, kayikirani kilachi imeneyo, koma muonetsetsenso mapulagi ndi makoilo a injini, chifukwa injini yodumphadumpha imamvekanso chimodzimodzi.

Phokoso la "gu" posintha kuchoka pa D kupita pa R kawirikawiri limachokera ku majointi a shafti yapansi kapena ku malabala ogwira injini ndi giyabokosi. Phokoso la "tha! tha!" limene limamveka pa 4H pokha, matayala onse anayi akukoka, mukamakankha katundu ndi tcheni ya mu transfer case yotambasuka imene ikudumpha mano. Kukakamira pokhota pamalo ouma muli pa 4H n'kwachibadwa, si vuto. Kulira kosalekeza ngati mluzu, kokwera limodzi ndi injini ngakhale pa P, kumaloza pampu yovutika kukoka oyilo, ndipo woyamba kumuganizira ndi fyuluta yotsekeka. Allison 1000 ili ndi fyuluta yopota kunja imene mungasinthe m'mphindi zochepa. Maginito ake a pamwamba muwapukute n'kuwabwezera, musawataye limodzi ndi yakaleyo.

Magiya amene asowa amanenanso zambiri. Pa 4L60E, imene ili m'mapikapu opepuka a GM, livesi, giya yachiwiri ndi yachinayi zikasowa limodzi pomwe yoyamba ndi yachitatu zilipo, ndiye kuti chitsulo chooneka ngati mbale chotchedwa sun shell chathyoka. Pamenepo palibe mankhwala a m'botolo amene angathandize. Pa 47RE ndi 48RE, kunyamukira pa giya yachiwiri kapena kusakasaka giya pa liwiro lochepa nthawi zambiri kumachokera ku solenoidi ndi sensa ya governor, gawo losankhitsa giya malinga ndi liwiro, zimene zimafikika mukangotsitsa beseni la pansi.

Tsitsani beseni

Ngati zonsezi sizinakupatseni yankho, masulani mabawuti a beseni la oyilo kuyambira mbali imodzi, awiri a mbali inayo atsale, kuti oyilo atsikire pakona imodzi. Musalitsuke musanaliyang'ane. Pa maginito a m'katimo, phala lotuwa losalala ngati mwaye wonyowa ndi kutha kwa masiku onse. Tizidutswa tachitsulo toti mungatole ndi zala, timaonekedwe tagolide ta mkuwa, kapena mulu wa zinyenyeswa zakuda ngati makoko opsa, zikunena kuti m'kati mwaphwanyika. Ng'ambani fyuluta yakale muone zimene yagwira.

Beseni likakhala loyera, ikani fyuluta ndi oyilo watsopano, kenako yesaninso. Kalabala kakale ka pakhosi pa fyuluta muonetsetse kuti katuluka, chifukwa tikasanjikizana tiwiri pampu imakoka mpweya. Beseni likakhala ndi zidutswa, oyilo watsopano sabwezeretsa kilachi yopsa, ndipo kupitiriza kupala kumangomwaza zitsulozo mu torque converter ndi m'choziziritsira.

Chotsala ndi kuyeza mphamvu ya oyilo ndi geji yolumikizidwa pa kabowo ka m'mbali mwa giyabokosi, n'kuyerekeza ndi manambala a m'buku la mtundu umenewo, pa D ndi pa R. Mphamvu ikachepa pa magiya onse, vuto lili ku pampu, fyuluta kapena chowongolera mphamvu. Ikachepa pa giya imodzi yokha, oyilo akuthawira m'njira ya giya imeneyo. Ngati mulibe geji ndi buku, apa mpomwe mungapite kwa makaniko wa magiyabokosi. Tengani pepala lanu lija, manambala a kompyuta, kabotolo ka oyilo wakale ndi chithunzi cha beseni. Muuzeni poyera kuti galimotoyi imapala, ndipo giyabokosi ikamangidwanso mumupemphe atsuke kapena asinthe choziziritsira ndi mapaipi ake asanathire oyilo watsopano, chifukwa zinyenyeswa zotsalira mmenemo zimabwerera molunjika m'makilachi atsopanowo.